Funso lomwe kompyuta sinawafunse mayi aja

Lachiwiri lina mu Disembala, mvula itagwa kale kawiri ndipo anthu atayamba kudzala, mayi wina analowa m'kashopu kanga pa Nsaru matope ali thapsa m'miyendo. Anali atayenda wapansi kuchokera kumudzi wina wa m'njira ya ku Nambuma. Sanabwere kudzachita fotokope kapena kudzalembetsa kalata ngati mmene amachitira ena. Anagwada pafupi ndi khomo, ndipo nditawapatsa mpando anakana.

"Pepani aphunzitsi," anatero mayiwo. "Akuti dzina langa yalikana ndi kompyuta yanu. Ndiye ndabwera kuti mundiuze chimene ndalakwa, kuti mwina chaka chamawa ndidzakonze."

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndinaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri, ndipo nditapuma ntchito ndinatsegula kamalo kotaipira ndi kusindikizira makalata. Chimene sindinakuuzenipo n'choti ndimathandizanso kalabu ina ya alimi ya kwathu kuno kusunga mndandanda wa mamembala ake. Kalabuyi imabwereketsa mbewu ya soya, makamaka ya Tikolore, ndipo mlimi amabweza akakolola. Mamembala atapitirira 100, alembi a kalabu anatopa ndi kope, choncho anandipempha kuti ndiike zonse mu Excel, pulogalamu ija ya matebulo imene maofesi ambiri amagwiritsa ntchito. Ndinavomera monyadira. Ndinalembanso fomula yoti izingouza yokha kuti uyu alandire mbewu, uyu asalandire. Komiti inaombera m'manja. Apampando anati tsopano zokondera zatha, poti makina alibe mbale.

Mayi aja anali wamasiye, akulera zidzukulu zitatu. Ndalama ya umembala analipira. Mbewu ya chaka chatha anabweza yonse. Komiti inali itagwirizana kale kuti amasiye asamavutitsidwe ndi malamulo ena. Koma pamzere wa dzina lawo kompyuta inalemba kuti AYI, ndipo ine amene ndinalemba fomulayo ndinakhala ndikuiyang'ana pafupifupi ola lathunthu osapeza chifukwa chake.

Ndiyambe ndafotokoza chinthu chimene chinandisokonezacho, chifukwa si chachilendo monga mmene dzina lake limamvekera. Pulogalamu iliyonse ya kompyuta kapena ya pafoni ndi yodzaza ndi mawu oti "ngati". Mayi akamatuma mwana kumsika amati, "Ukapeza usipa ugule, ukapanda kuupeza ugule matemba." Kompyuta nayo imalamulidwa chimodzimodzi, kungoti mawu ake ndi a Chingerezi, IF. Mukamatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, kuseri kwake kuli mafunso otere: ngati nambala yachinsinsi ndi yolondola pitirira, apo ayi kana, ngati ndalama zilimo zokwanira tumiza, apo ayi kana. Funso limodzi silivuta. Mavuto amayamba mafunso akachuluka n'kuyamba kulowana.

Fomula yanga inayamba ili yaifupi. Chaka choyamba lamulo linali limodzi: amene walipira umembala alandire. Chaka chachiwiri ena sanabweze, ndiye komiti inati tiwonjezere zoti akhale wobweza ngongole. Kenako kunabwera lamulo la munda, loti usachepere ekala imodzi. Kenako la misonkhano, poti ena ankangooneka tsiku logawa mbewu basi: munthu akhale atafika kumisonkhano 6 mwa 10. Chaka chomwe soya anagwidwa ndi matenda a dzimbiri anthu ambiri analephera kubweza, ndipo komiti inati amene wabwera kudzafotokoza vuto lake pamaso pa komiti asatsekeredwe. Pomaliza penipeni, pamsonkhano wina umene unali ndi misozi, anagwirizana kuti amasiye, okalamba ndi olera ana amasiye asakhudzidwe ndi lamulo la ekala ngakhalenso la misonkhano.

Lamulo lililonse likabwera, ine ndinkangotsegula fomula ija n'kusomekamo IF wina pamene paoneka mpata. Inafika poti ikudzaza mizere itatu ya pagalasi, kumapeto kwake kuli mabulaketi otsekera ondondozana ngati mano a chipeso. Kale Excel inkangolola ma IF 7 olowana, koma kuyambira ya 2007 anakweza malire kufika pa 64. Ine ndimati pamenepo sanatithandize. Malire a 7 aja ankamuletsa munthu kudzikola yekha.

Taganizirani nyumba imene zipinda zake n'zolowana, choti kuti mufike m'chachitatu muyenera kudutsa m'choyamba ndi m'chachiwiri, ndipo pakhomo lililonse pali mlonda wofunsa funso limodzi. Mlonda woyamba amafunsa za umembala. Wachiwiri za ngongole. Wachitatu za ekala. Wachinayi za misonkhano. Ine funso la umasiye ndinalipatsa mlonda wachinayiyu: munthu akaperewera misonkhano, mlondayo amamufunsa ngati ali wamasiye, ndipo akavomera amamulowetsa. Koma kuti munthu afike kwa mlonda wachinayi, ayenera kukhala atadutsa kale kwa wachitatu. Mayi aja munda wawo unali theka la ekala, poti mbali ina anagawira ana awo aakazi atakwatiwa. Mlonda wachitatu anawabweza pomwepo. Funso loti kodi ndinu wamasiye silinafunsidwe n'komwe.

Chopweteka n'choti cholakwikachi chinabisala bwino. Amasiye a minda ikuluikulu amene ankajomba kumisonkhano ankadutsa, ndipo aliyense poona mayina awo pamndandanda ankati lamulo latsopano likugwira ntchito. Amene ankagwa ndi a minda ing'onoing'ono, eni ake enieni a lamulolo. Titafufuza tinapeza enanso anayi. Iwo sanabwere kudzafunsa. Anangomva kuti kompyuta yakana, n'kubwerera kwawo.

Sindinapeze ndekha zimenezi. Madzulo a tsiku lomwelo ndinaimbira foni mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za makompyuta pa koleji ina mu Lilongwe, ndipo Loweruka anakwera minibasi n'kubwera. Ataiona fomulayo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amalume, izi munalemba nokha kapena munali anthu angapo?"

Ndinamuuza kuti asiye mwano, angondionetsa pamene bulaketi yasochera kuti ndiisunthe. Iye anakana. Anati kusuntha bulaketi kuthandiza lero lokha, chaka chamawa komiti ikadzawonjezera lamulo lina tidzagweranso m'dzenje lomwelo. Anandifunsa funso limene linandichititsa manyazi monga mphunzitsi wa masamu: mafunso a inde kapena ayi alipo angati? Tinawerenga: umembala, kubweza, kufotokoza, ekala, misonkhano, ndi kukhala m'gulu lapadera. Onse 6. Ndiye mitundu ya anthu amene angabwere ndi ingati? Funso lililonse limachulukitsa kawiri, choncho 2 kuchulukitsa yekha kasanu n'kamodzi, yankho ndi 64. Ine ndinali nditayesa fomulayo ndi mayina asanu okha, onse a anthu a m'komiti. Mafunso akanakhala 10, mitundu ikanakhala 1,024. Akanakhala 20, ikanapitirira miliyoni imodzi. Palibe mutu wa munthu umene ungasunge njira zonsezo pongoyang'ana mzere umodzi.

Akatswiri anazindikira kalekale zimenezi. Mu 1976 Thomas McCabe wa ku America anafalitsa njira yowerengera kuchuluka kwa mphambano m'kachigawo ka pulogalamu, ndipo analangiza kuti chiwerengerocho chikapitirira 10, kachigawoko kagawidwe. Ndipo musaganize kuti olakwitsa ndi ife a pa Nsaru tokha. Mu Febuluwale 2014 kampani ya Apple inathamangira kukonza mafoni a iPhone chifukwa mzere umodzi unalembedwa kawiri pansi pa IF wina. Mzere wachiwiriwo unkachititsa kuti foni idumphe funso lofunika lotsimikizira ngati tsamba la pa intaneti limene yalumikizana nalo ndi lenilenidi. Vuto lake linali lofanana ndi langa: funso linalembedwa bwinobwino, koma pulogalamu sinkafikapo.

Chimene mwanayu anachita poyamba sichinali cha pakompyuta. Anatenga kope n'kundiuza kuti ndinene lamulo la kalabu m'Chichewa, ngati ndikuuza agogo. Ndinayamba kuzungulira, iye n'kumandidula. Patapita nthawi tinatsala ndi chiganizo ichi: alandire mbewu amene ali membala, amene ngongole yake ili bwino, komanso amene wakwanitsa za munda ndi misonkhano kapena ali m'gulu lapadera. Anati tsopano chigawo chilichonse cha chiganizochi chikhale ndi mzere wakewake wotsika mu tebulo, ndipo pamwamba pake tilembe dzina lake lomveka. Mzere wina "Ndi membala". Wina "Ngongole ili bwino". Wina "Wakwanitsa munda ndi misonkhano". Wina "Wapadera". M'mzere uliwonse muli kafomula kakafupi kofunsa chinthu chimodzi kapena ziwiri, ndipo yankho lake limaoneka poyera, INDE kapena AYI. Fomula yomaliza inangotsala yolumikiza mayina anayiwo, yaifupi kuposa chala changa.

Kupatsa chinthu dzina kumaoneka ngati nkhani yachibwana, koma ndi kumene kunasintha zonse. Poyamba kuti munthu amvetse chifukwa chimene wina wakanidwira ankayenera kuwerenga zizindikiro ndi manambala a timabokosi. Tsopano alembi a kalabu, amene sanagwirepo kompyuta, amatsata mzere ndi chala n'kuona pamene palembedwa AYI. Martin Fowler, m'buku lake la 1999 lotchedwa Refactoring, lonena za kukonza mapulogalamu olembedwa kale, anaika njira imeneyi pakati pa njira zothana ndi ma IF ataliatali: tenga funso lalitali, uligawe, chigawo chilichonse uchitche dzina lonena chimene chikufunsa.

Boma nalo limachita zofanana polemba malamulo ake ena. Mtukula Pakhomo, amene anayambira kwa anansi athu ku Mchinji mu 2006, anakhazikitsidwa kuti azithandiza banja lokwaniritsa zinthu ziwiri: likhale losaukitsitsa, komanso likhale lopanda manja ogwira ntchito. Mawu achiwiriwa ndi dzina chabe lophimba mafunso ena awiri: kaya m'banjamo mulibe munthu wamphamvu zogwira ntchito wa zaka 19 mpaka 64, kapena alipo koma mmodzi akusamalira anthu opitirira atatu. Mukanena zonsezi m'mpweya umodzi, womvera asokonezeka. Mukati "losaukitsitsa ndiponso lopanda manja", mfumu ikhoza kubwereza pamsonkhano osaphonya, ndipo wofuna tsatanetsatane afunsa padera.

Polemba mzere wa ngongole ndinalakwitsanso kachiwiri, ndipo ndiulula poti pali phunziro la masamu limene ndinkalidziwa koma sindinaligwiritsepo ntchito pa moyo weniweni. M'kope la zokambirana za komiti lamulo linalembedwa motsutsa: asalandire amene sanabweze ndiponso sanafotokoze. Mwanayu anati mawu otsutsa ochuluka amasocheretsa, tilitembenuze likhale lovomereza. Ine mosaganiza ndinalemba kuti alandire amene wabweza ndiponso wafotokoza. Mndandanda unatsika nthawi yomweyo kufika pa mayina owerengeka, chifukwa munthu amene wabweza bwinobwino alibe choti akafotokoze kukomiti. Kutembenuza kolondola n'koti alandire amene wabweza kapena wafotokoza. Mukachotsa "osa" pa zinthu ziwiri zolumikizidwa ndi "ndiponso", mlumikizowo umasanduka "kapena", ndipo "kapena" naye amasanduka "ndiponso". Lamuloli limatchedwa ndi dzina la Augustus De Morgan, katswiri wa masamu wa ku Britain amene anamwalira mu 1871, mnzake wa George Boole amene mu 1854 anafalitsa buku losonyeza kuti mfundo za inde ndi ayi zikhoza kuwerengeredwa ngati manambala. Anthu amenewa sanaonepo kompyuta. Mu 1937 ndi pamene Claude Shannon, ali wophunzira ku America, anasonyeza kuti masamu a Boole akhoza kugwira ntchito pa maswichi a magetsi, ndipo makina onse amene tikuvutika nawowa anamera pamenepo.

Pali msampha winanso pa mawu oti "kapena". Pamaliro wophika akakufunsani kuti nyemba kapena kabichi, mukudziwa kuti musankhe chimodzi. OR wa kompyuta sali choncho. Iye amavomera chikakhalapo chimodzi, ndipo amavomeranso zikakhalapo zonse ziwiri. Kwa ife zinatikomera, chifukwa alipo amene anafotokoza kaye vuto lawo kenako n'kudzabweza mochedwa, ndipo ameneyo sayenera kukanidwa. Koma wolemba pulogalamu ayenera kufunsa eni lamulo kuti "kapena" wawoyo ndi wa mtundu uti, osangoganizira.

Za dongosolo la mafunso, mwanayu anandikumbutsa zimene zimachitika kuchipatala. Mwana akafika akukomoka kapena akubanika, namwino wodziwa ntchito sayamba n'kufunsa za buku la kuchipatala ndi mudzi wochokera. Amaona kaye zizindikiro zoopsa n'kumulowetsa msanga, otsalawo ndiye amaima pamzere. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, inakulira kwathu konkuno ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo bungwe la WHO linaifalitsa kumayiko ena. Olemba mapulogalamu nawo amati mafunso othetsa nkhani pompopompo aziikidwa pachipata, osati m'kati mwa nyumba. Amene si membala abwerere pachipata pomwepo. Amene ngongole yake sili bwino, chimodzimodzi. Amene ali wapadera alowe pomwepo. Otsalawo ndiye afunsidwe za munda ndi misonkhano. Tinagwiritsa ntchito dongosolo limeneli polemba mzere wina watsopano wotchedwa "Chifukwa", umene umalemba mawu monga "sanalipire umembala" kapena "misonkhano yaperewera" pafupi ndi dzina la aliyense wokanidwa. Mzere umenewu ukanakhalapo kale, alembi akanaona mawu oti "munda wachepa" pafupi ndi dzina la mayi wamasiye, ndipo akanadabwa mayiwo asanaponde matope.

Panalinso fomula ina yaitali imene ndinkainyadira, youza munthu kumene akalandirire mbewu: ngati mudzi ndi wakuti apite kwakuti, ngati ndi wakuti apite kwakuti, mpaka midzi yopitirira 20. Imeneyi mwanayu anangoifufuta yonse. M'malo mwake anapanga katebulo ka mizere iwiri, kuno mudzi, uko malo olandirira, ndipo fomula imodzi ya VLOOKUP imakayang'ana m'katebuloko. Mudzi watsopano ukalowa, alembi amangowonjezera mzere umodzi pansi, osakhudza fomula.

Zimenezi zinandikumbutsa nkhani ya ku Namitete. Mu 2008 wophunzira wina wa ku yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, anabwera ku chipatala cha St Gabriel ndi laputopu ndi mafoni ogwiritsidwa kale ntchito, n'kuwapereka kwa anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi. Pa laputopupo panali FrontlineSMS, pulogalamu yaulere imene Ken Banks analemba, yolandira ndi kutumiza mauthenga a pafoni popanda intaneti. Lipoti la ntchitoyi linati anthu 75 analandira mafoni, chipatala chinapulumutsa maola ogwira ntchito okwana 2,048, ndipo chiwerengero cha odwala TB amene chinkatha kuwasamalira chinawirikiza kawiri. Ntchitoyo ndi imene inadzabala bungwe la Medic Mobile. Chimene chimandisangalatsa pa FrontlineSMS n'choti inali ndi mndandanda wa mawu: uthenga ukabwera ndi liwu lakuti, yankha chakuti kapena utumize kwa uje. Wogwira ntchito pachipatala ankatha kuwonjezera liwu pamndandandawo popanda kuitana wolemba pulogalamu kuchokera kutsidya la nyanja. Zinthu zosinthasintha zimakhala bwino pa tebulo pamene mwini ntchito akuziona, osati zokwiriridwa m'mimba mwa fomula.

Mafunso atatsala anayi, mitundu ya anthu inatsika kuchoka pa 64 kufika pa 16. Timafomula ting'onoting'ono tija tinatiyesa patokha, kalikonse njira zake ziwiri kapena zinayi. Mizere 16 imakwana pa tsamba limodzi la kope. Tinailemba yonse ndipo ndinapita nayo kumsonkhano wa komiti pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ndinayamba ndi kupepesa, kenako ndinawerenga mzere ndi mzere: munthu wotere, alandire kapena ayi?

Apa ndi pamene panatuluka nkhani imene sindinaiyembekeze. Titafika pa mzere wa wamasiye amene sanabweze ndipo sanabwere kudzafotokoza, komiti inagawanika. Amayi awiri anati tsiku lija tinagwirizana kuti amasiye asavutitsidwe ndi chilichonse. Asungichuma anati ayi, tinangokamba za ekala ndi misonkhano, ngongole ndi ngongole. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Kwa nyengo ziwiri zathunthu aliyense ankakhulupirira kuti kompyuta ikutsata maganizo ake, pamene zoona zake n'zoti inkatsata malo amene ine ndinaika bulaketi usiku wina ndili ndi tulo. Fomula yaitali ija inabisa kusamvana kwa anthu. Mapeto ake anavota, ndipo mbali ya asungichuma inapambana, koma anagwirizana kuti wamasiye wotere komiti izimupitira kunyumba kukamva vuto lake m'malo modikira kuti abwere yekha.

Kenako bambo wina wachikulire, amene nthawi zambiri sayankhula, anafunsa kuti kodi lamulo la ekala lija tinaliikiranji. Panakhala chete. Alembi anatsegula makope akale n'kupeza kuti nthawi imeneyo mbewu inkabwera m'matumba osatsegula okwanira ekala imodzi, ndipo sankafuna kuwang'amba. Koma kwa zaka zingapo tsopano kalabu imagawa mbewu yakeyake yobwezedwa ndi alimi, yoyezedwa pasikelo molingana ndi munda wa munthu. Chifukwa cha lamulolo chinatha kalekale, lamulo n'kutsala likulumabe anthu. Analichotsa tsiku lomwelo.

Kuchotsa funso ndi njira yamphamvu kuposa zonse zofupikitsira, ndipo dziko lathu lili ndi chitsanzo chimene dziko lonse lapansi linatengerapo. Kale kuti munthu ayambe kumwa ma ARV ankayenera kukhala ndi chitetezo cha m'thupi, CD4, chotsika kufika pa mlingo woikika, kapena kukhala atafika pa gawo lachitatu kapena lachinayi la matenda. Kwa amayi oyembekezera malangizo a WHO a 2010 anali ndi nthambi zosiyana kutengera zotsatira za CD4. Koma makina oyezera CD4 sankapezeka m'zipatala zambiri za kumidzi, choncho funso lokhalo linkatsekereza amayi ambiri pakhomo. Mu Julaye 2011 Malawi inayamba njira yotchedwa Option B+: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala kwa moyo wake wonse, osadikira CD4. Amayi otere oyamba mankhwala anakwera kuchoka pa 1,257 m'miyezi itatu ya Epulo mpaka Juni 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya Julaye mpaka Seputembala 2012. Mu 2016 lamulo linafupikanso: aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala.

Komabe ndisakunamizeni kuti chachifupi chilichonse n'chabwino. Mnyamata wina amene amabwera kudzasewera pa makompyuta anga anandionetsa kuti akhoza kulemba lamulo lonse la kalabu m'kamzere kamodzi pochulukitsa ndi kuphatikiza ma 1 ndi ma 0. Kanagwiradi ntchito. Ndinamuyamikira, koma sindinakagwiritse ntchito, chifukwa alembi sangakawerenge ndipo ine ndemwe pakatha miyezi itatu ndikhoza kuiwala tanthauzo lake. Tebulo lathu latsopano lili ndi mizere yambiri kuposa lakale. Chimene chinafupika ndi nthawi imene munthu amatenga kuti amvetse.

Ndisiyanitsenso zinthu ziwiri zimene zinachitika, chifukwa kuzisakaniza n'koopsa. Kugawa fomula, kutcha mayina ndi kusanja mafunso inali ntchito yanga ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo cholinga chake chinali choti kompyuta inene zimene komiti inagwirizana, osaonjezera kapena kuchotsera. Kuchotsa lamulo la ekala inali ntchito ya komiti. Ndikanalichotsa ndekha usiku poti likundivutitsa polemba, ndikanakhala nditalanda mpando wa apampando popanda wondisankha. Wogwira kompyuta ali ndi mphamvu imeneyo, ndipo nthawi zambiri palibe womuona.

Masiku ano mawu oti "kompyuta yakana" tikuwamva paliponse pamene pali mndandanda, kaya ndi wa ngongole, wa zipangizo zaulimi kapena wa sukulu. Amanenedwa ngati mmene timanenera kuti mvula yakana, ngati palibe munthu amene angafunsidwe. Koma kuseri kwa kukana kulikonse kuli funso limene munthu wina analemba, pamalo amene iye anasankha. Ine ndikuona kuti wokanidwa ali ndi ufulu wouzidwa funso limene wagwerapo, m'chilankhulo chimene amamva. Ngati wogwira makinawo sangathe kulitchula, mwina fomula yake yafika pamene inafika yanga.

Mayi aja ndi anzawo anayi analandira mbewu patatha masabata awiri, ndipo anadzala kumayambiriro kwa Januwale, anzawo soya atamera kale. Ndinapita ndekha panjinga kukawauza kuti sanalakwe chilichonse, wolakwa ndine. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Ndiye kompyutayo imamvera inuyo, aphunzitsi?" Ndinati inde. "Ndiye muziiuza bwino." Zokolola zawo chaka chimenecho zinachepa poyerekeza ndi za oyandikana nawo. Anabwezabe mbewu yonse.

Sabata yatha apampando anafika kushopu ndi kapepala m'thumba la malaya. Komiti ikufuna lamulo latsopano: amene wagulitsa soya wake kwa mavenda m'malo mogulitsa pamodzi ndi kalabu asalandire mbewu. Ndinawauza kuti kuwonjezera mzere wotchedwa "Wagulitsa kwa mavenda" ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma andiyankhe kaye zinthu zitatu. Kodi wogulitsa ndowa imodzi kuti agule mankhwala a mwana akulowa m'gulu limodzi ndi wogulitsa matumba onse? Kodi lamuloli likhudzanso amasiye ndi okalamba? Nanga adzalemba INDE kapena AYI m'kabokosimo ndani, ataona ndi maso ake kapena atangomva? Apampando anakanda m'mutu, n'kubweza kapepala kaja m'thumba. Msonkhano wa komiti uliko Lachinayi likubwerali, ndipo andipempha kuti ndipite ndi kope.